Aneni Osonyeza Kuonjezeka kwa Pang'onopang'ono m'Chingerezi ndi m'Chichewa, Poganizira Olankhula Chichewa a ku Kadoma ndi Chegutu

1. Chiyambi

Chigawo chachisanu ndi chimodzi cha malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe, amene adakhazikitsidwa m'chaka cha 2013, chidatchula zinenero 16 zovomerezeka ndi boma, ndipo Chichewa chili pa mndandandawo. Chinenero chikalowa m'malamulo motere, pamabadwa ntchito yomasulira makalata amene kale ankalembedwa m'Chingerezi mokha: makalata a malipiro, a penshoni, a ngongole za madzi ndi misonkho ya nyumba, ndi a kuchipatala. M'makalata onsewa muli kagulu ka aneni a Chingerezi kamene kamabwera kawirikawiri, monga accumulate, accrue, amass, build up, mount up, pile up ndi creep up. Onsewa amanena za chinthu chimene chikuonjezeka pang'onopang'ono. Mfundo yathu m'nkhani ino ndi yakuti Chingerezi chimasiyanitsa matanthauzo a aneniwa posintha muzu wa mneni, pamene Chichewa chimagwira ntchito yomweyo ndi mizu yowerengeka koma mothandizidwa ndi misintho ya mneni. Womasulira amene afunafuna liu limodzi la Chichewa loti aliike m'malo mwa liu limodzi la Chingerezi amataya gawo la tanthauzo, ndipo pa mneni mmodzi, accrue, gawo lotayikalo ndi limene limanena mwini wake wa ndalama.

Tasankha Kadoma ndi Chegutu chifukwa cha mbiri ya matauni awiriwa. Onse ali m'chigawo cha Mashonaland West, pa msewu ndi njanji yochokera ku Harare kupita ku Bulawayo. Chegutu ali pa mtunda wopitirira pang'ono makilomita 100 kuchokera ku Harare, Kadoma pafupifupi makilomita 140. Mpaka m'chaka cha 1982 maina awo adali Hartley ndi Gatooma. Dera limeneli ndi la golide ndi thonje. Mgodi wa Cam and Motor ku Eiffel Flats, wa Dalny ku Chakari, wa Giant ku Gadzema, pamodzi ndi mafamu ndi mafakitale a nsalu a David Whitehead, zidakoka amuna ambiri ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete. Ena adabwera okha wapansi, ena kudzera m'bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau limene Charles van Onselen adalifotokoza m'buku lake la Chibaro la m'chaka cha 1976, enanso pambuyo pake kudzera mwa Mthandizi. Ambiri sadabwerere kwawo, nakhala machona. Ana ndi adzukulu awo adakulira m'makomboni a migodi ndi m'malokeshoni monga Rimuka ku Kadoma ndi Pfupajena ku Chegutu, akumva Chichewa kwa makolo, Chishona pabwalo, Chingerezi kusukulu ndi kuofesi. Choncho kumeneko kalata ya Chingerezi sifika m'Chichewa molunjika ai. Kawirikawiri imadzera m'Chishona.

Ziganizo zimene tapereka monga zitsanzo tazipanga tokha, ndipo taziyesa ndi khutu lathu monga eni chinenero.

2. Aneni a Chingerezi

Magwero a aneniwa amatiuza zambiri. Accumulate adachokera ku liu la Chilatini cumulus, lotanthauza mulu. Accrue ndi increase adadzera m'Chifalansa chakale kuchokera ku mneni wa Chilatini crescere, kukula. Amass naye adadzera m'Chifalansa, ndipo muzu wake umanena za chinthu chambiri chogwirana pamodzi. Tsono pali zithunzi ziwiri: cha mulu umene wina akuuikira pamwamba, ndi cha chinthu chokula chokha ngati mbeu. Aneni a chilankhulo cha masiku onse, pile up, build up ndi mount up, ali ndi kaliu kakuti up kosonyeza kuloza kumwamba.

Kusiyana koyamba ndi kwa mwininkhani. Amass amafuna munthu wochita mwadala, ndipo kawirikawiri amakhala woyambukira. Accumulate, build up ndi pile up amalola njira zonse ziwiri popanda kusintha maonekedwe a mneni:

(1) The miner accumulated savings.
(2) Dust accumulated in his lungs.

Beth Levin, m'buku lake la English Verb Classes and Alternations la m'chaka cha 1993, adaonetsa kuti kusinthasintha kotere kwa pakati pa mneni woyambukira ndi wosayambukira ndi khalidwe la aneni ambirimbiri a Chingerezi onena za kusintha kwa chinthu. Kwa wophunzira amene chinenero chake ndi cha Chibantu chimenechi ndi chodabwitsa, pakuti m'zinenero zathu kusintha kotere kumaoneka pa tsinde la mneni.

Kusiyana kwachiwiri ndi kwa maganizo a wolankhula. Mount up ndi pile up amakonda zinthu zolemetsa mtima: ngongole, milandu, ntchito yosagwiridwa. Creep up amanena za kukwera kozembera, kumene munthu amakuzindikira mochedwa. Amass ali ndi kafungo ka kusirira kapena kudzudzula. Salankhulidwa za tindalama ta mayi wogulitsa tomato.

Accrue ali payekha, ndipo tidzabwererako.

3. Mizu ya Chichewa ndi misintho yake

Mizu imene Chichewa chimagwiritsa ntchito pa nkhaniyi si yambiri: -unjika, -kundika, -sonkha, -chuluka, -onjeza, -kula, -kwera. Iwiri yoyambayo ndiyo ya mulu. Pano pafunika kusamala, chifukwa -ik- amene ali mu -unjika ndi -kundika si yemwe ali mu -sweka kapena -oneka. Akatswiri a Chibantu, kutsatira A. E. Meeussen ndi ena, amasiyanitsa aphatikira awiri ofanana maonekedwe. Woyamba amatanthauza kuika chinthu m'kakhalidwe kena, monga mu -imika, -goneka, -khazika, ndipo amabala mneni woyambukira. Wachiwiri ndi amene mabuku a sukulu amautcha msintho wochitidwa m'chibisira. Mu -unjika muli woyamba uja. N'chifukwa chake chiganizo (3) n'chabwino koma (4) n'cholakwika, ndipo kuti tinene zimene zili mu (2) tiyenera kuonjeza -an-:

(3) Anthu a pamgodi adaunjika mchenga kuseri kwa komboni.
(4) *Fumbi lidaunjika m'mapapo mwake.
(5) Fumbi lidaunjikana m'mapapo mwake.

Nyenyezi ikusonyeza chiganizo chosavomerezeka. Mu (5), -an- sakutanthauza kuchitirana monga mu -menyana. Akutanthauza kukhala pamodzi kwa tizinthu tambiri, monga mu -sonkhana ndi -thithikana. Chiganizo chimenechi si chongopeka pofuna chitsanzo. Fumbi la mwala wa golide limaononga mapapo patapita zaka zambiri, ndipo dziko la Zimbabwe lili ndi lamulo lapadera la matenda amenewa, Pneumoconiosis Act. Wazaumoyo wofotokozera mkulu wina wa ku Chakari chimene chithunzi cha chifuwa chake chikuonetsa adzafuna (5), osati (4).

Mneni -kundika ndiye wofanana kwambiri ndi amass. Timati munthu wadzikundikira chuma, ndipo -dzi- pamodzi ndi msintho womuchitira zimanyamula kafungo kodzudzula komwe kaja. Apa zinenero ziwirizi zagwirizana bwino, ndipo sitichedwapo.

Mneni -chuluka ndi wosayambukira, wothera ndi -uk- monga -tuluka ndi -dzuka. Monga momwe timanenera -tulutsa ndi -dzutsa, timanenanso -chulutsa. Koma palinso -chulukitsa, amene aphunzitsi a masamu adamutenga kukhala wawo. Mneni -onjeza ndi wakale kwambiri m'Chibantu: Chiswahili chili ndi -ongeza, Chizulu -engeza. Kuchokera kwa iye timapeza -onjezera, -onjezeka, -onjezereka, -onjezekera ndi -onjezeredwa. Banja limeneli ndilo lidzatithandiza pa accrue.

4. Kumene kuli tanthauzo la "pang'onopang'ono"

Mizu yonse tatchulayi, ili yokha, sinena kuti kuonjezekako n'kwa pang'onopang'ono. Tikati "mitengo yakwera" (tikunena mitengo ya katundu, osati ya m'nkhalango, vuto limene Chishona chilibe popeza kumeneko mtengo womera ndi muti), ingathe kukhala itakwera usiku umodzi. Muonjezi wakuti pang'onopang'ono alipo, ndipo ngakhale mwambi udamutenga: pang'onopang'ono ndi mtolo. Koma omasulira amathamangira kwa muonjezi ameneyu mopitiriza muyeso, naiwala njira ziwiri zimene zili m'kati mwa mneni mwini.

Njira yoyamba ndi kuphatikiza -ir- kapena -er- ku tsinde, kenaka kubwereza tsinde lonselo. Tiyerekeze ziganizo izi:

(6) Mitengo ikukwerakwera.
(7) Mitengo ikukwererakwerera.

Mu (6) muli kubwerezabwereza chabe: ikwera lero, mwina itsika, ikweranso sabata yamawa. Mu (7) kukwera kulikonse kukuyambira pamene kunalekezera kwa dzulo, ndipo palibe kubwerera m'mbuyo. Chimodzimodzi -chulukirachulukira, -kulirakulira, -ipiraipira, -cheperachepera, -onderaondera. Mphatikira -ir- apa sakubweretsa pamtherankhani wina monga amachitira mu "adaphikira ana nsima". Aneni onsewa akhalabe osayambukira. Ife tikuganiza kuti akugwira ntchito yake ina ija yosonyeza kolowera, monga mu "adathawira kuphiri", koma kolowerako si malo, ndi mlingo wopitirira.

Chofunika kwa ofufuza ndi chakuti si mneni aliyense amalola msintho umenewu ndi tanthauzo limeneli. "Akudyeradyera" sikutanthauza kuti akudya zochuluka kuposa dzulo. "Akufikirafikira" n'kosamveka. Aneni amene amalola ndi okhawo onena za chinthu choyezeka pa mlingo: kukula, kuchepa, kuipa, kutalika, kuonda. Ameneyu ndi gulu lomwe lija David Dowty adaliona m'Chingerezi m'chaka cha 1979 kuti silikhala bwino m'magulu anai a aneni a Zeno Vendler, ndipo Jennifer Hay, Christopher Kennedy ndi Beth Levin adalifotokoza m'chaka cha 1999 potsata mlingo wobisika m'tanthauzo la mneni. M'Chingerezi gululi amalipeza poyesa ziganizo ndi mau a nthawi. M'Chichewa limadziulula lokha pa tsinde. Tikadakonda kumva kwa anzathu a Chitumbuka, Chiyao, Chinsenga ndi Chisena ngati chiyeso chomwechi chimagwira m'zinenero zawo.

Msintho umenewu umakananso aneni okhala ndi mathero. Pa migodi ndi m'mafamu a Southern Rhodesia malipiro ankatsata tikiti ya masiku 30 ogwira ntchito: kapitao ankachonga tsiku ndi tsiku, ndipo munthu ankalandira ndalama tikiti ikakwana, zimene zinkatenga nthawi yoposa mwezi wa pakalendala. Tingathe kunena kuti masiku ochongedwa ankachulukirachulukira, koma sitinganene kuti tikiti inkakwanirakwanira. Kukwana n'kufika pa malire, ndipo msintho wathuwu sufuna malire.

Njira yachiwiri ndi mneni wothandizira -nka kapena -mka, kupita:

(8) Ngongole ikunka ichuluka.
(9) Ngongole ikunka ichulukirachulukira.

M'mabuku akale timapezanso kalumikizidwe ka "inka nichuluka". Apa nthawi ikuyerekezedwa ndi ulendo, ndipo chinthucho chikusintha chili panjira. Ngati tifuna kumasulira mount up pa nkhani ya ngongole za madzi zimene banja la ku Rimuka lalephera kulipira miyezi ingapo, (9) ndiye woyenera. Ali ndi kulemera konse kwa mneni wa Chingerezi popanda muonjezi aliyense. Creep up ndiye amafunadi chithandizo cha mau ena, monga mwakachetechete kapena mosadziwika bwino, chifukwa kuzembera sikuli m'misintho yathu.

5. Chishona pakati

Chishona, chimene Malcolm Guthrie adachiika m'gulu la S10 pamene Chinyanja adachiika pa N31, chili pafupi ndi Chichewa mokwanira kuti chinyenge womasulira. Malo ambiri palibe vuto: -wedzera ndi -onjezera, -kura ndi -kula, -kwira ndi -kwera. Misampha ilipo iwiri.

Woyamba ndi mneni wothandizira. Pamene Chichewa chimati -nka, Chishona chimagwiritsa ntchito -ramba motsatidwa ndi mneni wokhala ndi -chi-: mitengo iri kuramba ichikwira. Koma -ramba ali yekha amatanthauza kukana. Wotembenuza liu ndi liu adzalemba kuti mitengo ikukana kukwera, zimene zili zosemphana kotheratu ndi zimene zidanenedwa.

Wachiwiri ndi -wanda. M'Chishona ameneyu ndiye mneni wamba wa kuchuluka: mari yawanda ndi kunena kuti ndalama zachuluka. M'Chichewa -wanda alipo, koma amanena za kufala ponseponse: matenda awanda, mchitidwe wakuba wawanda. "Ndalama zawanda" kwa Mchewa wa ku Dedza kapena ku Katete si uthenga wakuti thumba la munthu lalemera. Ndi uthenga wakuti ndalama zili paliponse, ndi aliyense, mwina zopanda ntchito. Aliyense amene adali ku Zimbabwe m'chaka cha 2008, pamene boma lidalengeza kuti m'mwezi wa Julaye kukwera kwa mitengo kudafika maperesenti 231 miliyoni, amadziwa kuti kuwanda kwa ndalama ndi kuchuluka kwa chuma ndi zinthu ziwiri. Sitikunena kuti mdzukulu wa mchona amene anena -wanda potanthauza kuchuluka walakwa. Chinenero chokhala pakati pa china zaka zoposa 100 chili ndi ufulu wosintha, ndipo Chichewa cha ku Zimbabwe n'choyenera kulembedwa monga chilili. Koma kalata ya penshoni yolembedwa ku Harare ingathe kuwerengedwa ndi wamasiye ku Ntcheu, ndipo pamenepo -chuluka ndi -onjezeka ndiwo amamveka mbali zonse ziwiri za Zambezi.

6. Accrue

Mneni ameneyu sanena za mulu wooneka ndi maso. Amanena za chinthu chimene chikusanduka cha munthu wina, kapena mangawa a munthu wina, chifukwa chakuti nthawi ikupita, ngakhale kuti palibe chimene chaperekedwa m'manja. Mwininkhani wake amakhala chiongoladzanja, masiku a tchuthi, phindu la penshoni. Wolandirayo amabwera ndi mperekezi to.

Anthu a dera lathuli adakumana ndi ganizo limeneli kalekale. Mapangano a za antchito oyendayenda a pakati pa maboma a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, amene oyamba ake adachitika m'chaka cha 1936, pambuyo pake adakhazikitsa kuti gawo la malipiro a munthu lizisungidwa kuti akalilandire atabwerera kwawo. Ndalama zimenezo zidali zake, koma sadali nazo. Lamulo la ntchito la Zimbabwe, Labour Act, pa chigawo 14A, limagwiritsa ntchito mneni yemweyu pa masiku a tchuthi cholipidwa: gawo limodzi mwa magawo 12 a nthawi imene munthu wagwira pa chaka, ndiye kuti masiku awiri ndi theka pa mwezi, mpaka malire a masiku 90. Pa ngongole napo, malamulo a Roman-Dutch amene makhoti a Zimbabwe amatsata ali ndi mfundo yotchedwa in duplum, yakuti chiongoladzanja chosalipidwa chimaleka kuonjezeka chikafanana ndi ndalama zimene zidakongoledwa. Zitsanzo ziwiri zomalizazi zikutiuza kale kuti -chulukirachulukira sangayenere, pakuti taona kuti safuna malire, ndipo apa malire alipo olembedwa.

Tiyese njira zina pa chiganizo chakuti leave accrues to the employee every month:

(10) Masiku a tchuthi amaunjikana mwezi ndi mwezi.
(11) Masiku a tchuthi amaonjezereka mwezi ndi mwezi.
(12) Masiku a tchuthi amamuonjezekera wantchito mwezi ndi mwezi.
(13) Wantchito amaonjezeredwa masiku a tchuthi mwezi ndi mwezi.

Chiganizo (10) chikupereka chithunzi cha zinthu zongosiyidwa, ngati mbale zosatsuka, ndipo wantchito angaganize kuti akudzudzulidwa. Mu (11) mwini wake wasowa. Mu (12) wapezeka, chifukwa -er- wabwera pambuyo pa -ek- ndipo mphatikira -mu- akuloza munthuyo. Tionetsetse ndondomeko ya aphatikira: onjez-er-ek-a ndi onjez-ek-er-a. Pamene palibe -mu-, olankhula ambiri amasinthanitsa awiriwa osamva kusiyana, koma ndi wachiwiri yekha amene amalola munthu wokhudzidwa kulowa m'mneni. Vuto la (12) ndi lakuti msintho womuchitira m'Chichewa susiyanitsa chokoma ndi choipa. Timati "mavuto amuchulukira" monga momwe timanenera "mwai wamugwera". Umatiuza amene wakhudzidwa, koma sutiuza kuti chinthucho ndi chake mwalamulo.

Palinso vuto lina lozama mu (11) ndi (12). Stanley Dubinsky ndi Silvester Ron Simango adaonetsa m'chaka cha 1996 kuti msintho wa -ik- kapena -ek- m'Chichewa umachotseratu wochita, pamene wa -idw- kapena -edw- umamusunga ngakhale sadatchulidwe. Mwana aliyense amadziwa zimenezi: akati "mbale yasweka" akudzipulumutsa, koma akati "mbale yaswedwa" funso lotsatira ndi lakuti ndi yani. Dzina limene aphunzitsi athu adaupatsa msinthowu, wochitidwa m'chibisira, lidalasa penipeni. Tsono chinthu chimene chimaonjezeka chokha, popanda wochionjeza, chingathenso kuchepa chokha popanda wofunsidwa. Dziko la Zimbabwe litasiya ndalama yake m'chaka cha 2009, anthu ambiri opuma pantchito, a m'migodi omwe, adapeza kuti zimene adasonkha zaka zambiri zasanduka tindalama tochepa, ndipo boma lidaika bungwe lofufuza nkhaniyi m'chaka cha 2015 motsogozedwa ndi woweruza wopuma George Smith. Kwa anthu amene adadutsa m'zimenezi, funso lakuti ndani ali ndi udindo pa ndalama zolembedwa m'buku si la galamala chabe.

N'chifukwa chake pa makalata onena za zimene munthu ayenera kulandira ife tikusankha (13). Wantchito wakhala mwininkhani, ndipo -edw- wasiya khomo lotsekula lakuti pali wina woonjezera, kaya ndi wolemba ntchito kaya ndi thumba la penshoni, amene angatchulidwe ndi "ndi". Komabe ngakhale (13) sanamalize zonse zimene zili mu accrue. Gawo lakuti chinthucho ndi cha munthuyo asanachigwire liyenera kunenedwa poyera ndi chiganizo chachiwiri:

(14) Mwezi uliwonse wantchito amaonjezeredwa masiku awiri ndi theka a tchuthi, ndipo masikuwo ndi ake ngakhale asanawatenge, kufikira atakwana 90.

Chiganizochi n'chachitali kuposa cha Chingerezi, ndipo okonza mafomu adzadandaula za malo. Tidalingalirapo za -bereka ndi -swana, popeza anthu amati ndalama zabereka kapena zaswana, ndipo chithunzi chake n'chofanana ndi cha crescere wa Chilatini uja. Aneniwa ndi abwino pa chiongoladzanja cha ndalama zosungitsa. Koma masiku a tchuthi sabereka, ndipo pa ngongole -swana amakumbutsa katapila, amene a Chishona amamutcha chimbadzo, osati ngongole ya ku banki yokhala ndi malire a in duplum. Pa chiongoladzanja cha ngongole, pamene wowerenga kalatayo ndiye wolipira, (12) amabwerera m'malo mwake: "chiongoladzanja chidzakuonjezekerani mwezi ndi mwezi kufikira chitafanana ndi ndalama zimene mudakongola". Apa kusasiyanitsa chokoma ndi choipa kwa msintho womuchitira sikusokoneza kanthu, pakuti wokongola amadziwa kale mbali imene iye ali.